Chiperoni chikabwera ndi ukali: momwe mungatetezere denga lanu ndi a m'nyumba mwanu

Kwathu kuno ku Mulanje sitisowa wotiuza kuti chiperoni chili m'njira. Umangodzuka m'mawa, kuponya maso kuphiri, n'kupeza nsonga ya Chambe palibe, ngati wina waifunditsa bulangete loyera usiku. Kamphepo kamachokera cha ku Muloza, kozizira kolowa mpaka m'mafupa, kenaka mvumbi. Masiku ambiri zimathera pomwepo: zovala zosauma, ana a mamina, otchola tiyi atavala mapepala apulasitiki. Koma pali masiku ena, makamaka tsiku loyamba nyengoyi ikamalowa, pomwe mphepo imabwera ndi mkokomo. Nthochi zimagona, nthambi za mapeyala zimathyoka, ndipo kukacha umamva kuti kwa auje denga lapita.

Dzina loti chiperoni linachokera ku phiri la Chiperone, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, mbali yomwe mphepoyi imatulukira. Koma ulendo wake umayambira kutali, kunyanja za kummwera kwa South Africa. Mpweya wozizira ndi wolemera kuposa wofunda, ndiye umayenda chokwawa, kulowa kunsi kwa wofundawo n'kuukankhira m'mwamba. Pamalire pomwe iwiriyi ikulimbanirana, pomwe azanyengo amati cold front, m'pamene mphepo imalusa. Malirewo akadutsa kummwerako, mpweya wozizira wa m'mbuyo mwake umakankhidwira kuno, utatola chinyezi m'nyanja yamchere. Ukafika umagunda phiri la Mulanje, lotalika mamita 3,002 pa nsonga ya Sapitwa, komanso zitunda za Thyolo. Wina umakwera n'kusanduka chifunga ndi mvumbi, wina umapanikizana m'zigwa ndi m'mipata n'kutuluka ndi liwiro. Mphepo yomweyi ikafika kunyanja ya Malawi asodzi amati mwera. Nthawi yake ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti.

Zomwe ndilembe pano zikuthandizaninso pa mkuntho uja wobwera ndi mvula yoyamba mu Okutobala ndi Novembala, umene umasasula madenga ambiri kuposanso chiperoni. Denga lomwe lamangidwa bwino mu Juni lidzakupulumutsani nthawi imeneyo.

Choyamba: khalani ndi khutu ku zanyengo

Nthambi yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo imalengeza pa wailesi ndi pa tsamba lake la Facebook chiperoni kapena mwera zikamayandikira, nthawi zambiri kukadali tsiku limodzi kapena awiri. MBC, Zodiak ndi Mzati zimaulutsa. Mukamva, uzani anzanu a m'gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la banki m'khonde, osaiwala agogo omwe wailesi yawo inatha mabatire kalekale.

Akatchula liwiro la mphepo musamangoti ndi manambala. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yomwe mphepo ikukankhira khoma kapena denga imawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 40 pa ola imagwedeza nthambi zikuluzikulu. Ya 80 si "yokulirapo pang'ono", imeneyo ndi yonyamula malata.

Chachiwiri: denga. Apa tikhalitsepo

Amalume anga cha ku Chisitu anali ndi nyumba ya njerwa zowotcha, malata abwino ndithu, ndipo pamwamba pake panali miyala isanu ndi itatu ndi tayala lakutha la galimoto. Tsiku lina ndinawafunsa.

"Amalume, miyalayi bwanji osaitsitsa n'kumanga dengali ndi waya?"

"Iwe mphwanga, miyala imeneyi yakhala pamenepo usanayambe sukulu. Mphepo yake iti?"

Mphepo yake inabwera usiku wina mu Julayi. Denga lonse linanyamuka pamodzi ndi matabwa ake, osasiya ngakhale limodzi, n'kukagwera m'munda wa nandolo kuseri. Mwala umodzi unagwera m'nyumba, n'kuphwanya ndowa yomwe inali pafupi ndi mphasa ya mdzukulu wawo. Kalipentala atabwera m'mawa anazungulira denga lili pansilo, nagwedeza lata limodzi limodzi. Misomali yonse inali gwa. Anangoti, "Bambo, dengali linangokhala pakhoma ngati chipewa pamutu."

Ambirife timaganiza kuti mphepo imakankha denga kuchokera m'mbali. Zoona zake n'zakuti imaliyamwa. Ikamadutsa pamwamba mwaliwiro imalikokera kumwamba, makamaka m'makona, m'mphepete ndi pamsonga. Ikapezanso polowera, kaya chitseko chatseguka kapena galasi lasweka mbali yomwe ikuchokera, imadzaza m'nyumba n'kumakankha kuchokera pansi. Kukoka pamwamba, kukankha pansi. Miyala ingapo singalimbane nazo, ndipo denga likapita miyalayo ndi yomwe imatsikira pa anthu.

Ndiye yenderani denga lanu tsiku lopanda mphepo, malata atauma, kuyambira pansi kukwera m'mwamba.

Yambani ndi pomwe denga lakumana ndi khoma. Lowani m'nyumba ndi tochi, muone ngati thabwa logona pamwamba pa khoma ndi mapaso ake zamangiriridwa ku khomalo. Chofunika ndi waya wokhuthala wosachita dzimbiri, wopinda pawiri, kapena kachitsulo kopyapyala konga lamba komwe m'mahadiweya amati hoop iron. Pomanga nyumba yatsopano, mmisiri azikwirira chimenechi m'khoma, mizere ya njerwa isanu kapena isanu ndi umodzi kuchokera pamwamba, kapena m'konkire ija yozungulira nyumba cha kumtunda kwa khoma, yomwe amati ring beam, ngati ilipo. Ngati nyumba inatha kale, sikuti mwachedwa. Boolani khoma pamzere womwewo, pisani waya, mukoloweke paphaso, mupotokole mpaka ulire mukaugunda. Pansi pa bowo, pomwe waya wagwira, ikani kachidutswa ka chitsulo kapena kathabwa kolimba kuti wayayo asamadye khoma. Pa nyumba ya zidina tsikani mmunsi koposa apo, chifukwa zidina za pamwamba zimanyamuka limodzi ndi denga. Chitani izi paphaso lililonse. Ngati ndalama ya waya yaperewera, yambani ndi makona anayi ndi mbali yoyang'ana ku Mozambique, kwinako mudzamalize mukagulitsa nandolo.

Kenaka onani pomwe matabwa opingasa, okhomapo malata aja, akumana ndi mapaso. Msomali umodzi wokhoma choimirira umazuka ngati dzino logwedera. Kulungani waya pamphambano iliyonse. Muli pomwepo, bayani thabwa lililonse ndi nsonga ya mpeni. Likalowa ngati mukubaya chinangwa chophika, chiswe chinadya kale m'kati ndipo msomali uli mmenemo ukungonamizira. Thabwa lotero lichoke.

Tsopano malata. Misomali yake ndi ija ya zipewa, yopotana, ndipo imakhomedwa pamsana pa lata, osati m'ngalande moyenda madzi. M'mphepete monse, m'makona ndi pamsonga khomani pamsana uliwonse. Pakati mukhoza kumadumpha umodzi. Nsonga ya msomali ikatulukira kunsi kwa thabwa, ipindeni ndi hamala. Lata lomwe bowo lake lakula ndi dzimbiri, likhomeni pena pafupi, bowo lakalelo mumate. Lata limodzi lopepheruka pakona ndi lokwanira kuyambitsa zonse: mphepo ikalowetsa chala pamenepo imafundula ena onse ngati ikusenda nthochi. Ngati mukugula atsopano, dziwani kuti nambala ya geji ikachepa ndiye kuti lata ndi lokhuthala. La geji 28 ndi lolimba kuposa la 32. La 32 ndi lotchipa, inde, koma limang'ambika pamsomali, msomaliwo n'kutsala pathabwa uli bwinobwino.

Mlomo wa denga wotulukira kunja kwa khoma usapitirire theka la mita. Ndikudziwa kuti kuno kumagwa mvula yambiri ndipo timafuna kuteteza khoma, koma mlomo wautali ndi chogwirira cha mphepo. Khonde likhale ndi kadenga kakekake, kosalumikiza ndi denga lalikulu, kuti likapita lipite lokha. Nsanamira za khonde zizikike pansi ndipo zimangiriridwe ku matabwa a pamwamba, osangoti zatsamirana. Amene mukadali pa pulani, denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri, ndipo la mbali imodzi, lija timakonda pa magolosale ndi nyumba za lendi, ndiye loyamba kuuluka.

A nyumba zaudzu, yanu ndi luzi ndi nsungwi. Onani ngati mapaso amangidwa ku nsichi kapena ku khoma, sinthani luzi lofumbwa, ndipo panikizani udzu ndi mizere ya nsungwi zong'alula pamwamba, zosokerera ku mapaso. Pamsonga ndi m'mphepete ndi pomwe udzu umayambira kusosoka.

Mawu amodzi kwa omwe munamanganso nyumba pambuyo pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Nthawi ija tinkamanga ndi zomwe zapezeka: malata otola m'matope, misomali yowongola pamwala, matabwa aawisi. Palibe wokudzudzulani. Koma matabwa aawisi akauma amafwamphuka ndipo misomali imalekerera. Madenga amenewo ndi ofunika kuwayendera msanga kuposa ena onse.

Sola yomwe ili padenga imangidwe ndi mabawuti kapena waya ku thabwa, osati kuipsinja ndi njerwa. Dishi ya TV chimodzimodzi.

Chachitatu: mitengo ndi za pabwalo

Imani pakhomo, muyang'ane mtengo uliwonse n'kudzifunsa kuti utagwa ungafike pati. Bulugamu amatalika msanga ndipo amagwetsa nthambi popanda kutsanzika. Peyala nthambi zake n'zosachedwa kuthyoka, makamaka likabereka kwambiri. Mtengo wa mphako, wa bowa patsinde, kapena womwe dothi la patsinde pake latukumuka mbali imodzi, umenewo wanyamuka kale ulendo. Sadzani nthambi zoweramira denga. Zomwe zayandikira mawaya a magetsi musazikhudze, kauzeni a ESCOM.

Sindikunena kuti mugwetse mitengo yonse. Taonani m'minda ya tiyi ku Lujeri kapena ku Satemwa momwe anadzalira mizere ya mitengo yotchinga mphepo. Pakhomo lopanda mtengo ndi pomwe mphepo imafika ndi mphamvu zake zonse. Dzalani mzere mbali yomwe chiperoni chimachokera, koma patali ndi nyumba kuposa msinkhu womwe mtengowo udzafike ukakula. Nsungwi zimachita bwino pantchitoyi, zimawerama osathyoka.

Nthochi zomwe zili ndi mkoko zichirikizeni ndi mtengo wa mphanda. A ku Thyolo, omwe munazula nthochi zonse chifukwa cha matenda a chisaka n'kuyambiranso ndi mbewu yatsopano, mukudziwa kufunika kwake kwa mkoko umodzi.

Chenjezo likaperekedwa, lowetsani mabeseni, zidebe, mipando, chimanga choyanika ndi malata otsala omwe anangoyedzamitsidwa kuseri kwa nyumba. Kadenga ka chimbudzi, ka bafa ndi ka khola nthawi zambiri kamangokhala lata limodzi ndi njerwa ziwiri. Kamangeni. Lata louluka ndi chikwanje chopanda mwini.

Tsiku limenelo musatenthe zinyalala kapena tchire, ngakhale mbewa zitanona bwanji.

Chachinayi: mphepo ikayamba

Ana onse m'nyumba, muwawerenge. Tsekani zitseko ndi mawindo onse n'kukhoma. Pali chikhulupiriro choti ukatsegula zenera mphepo imangodutsa. Ayi, mwaitsegulira njira yokanyamulira denga. Chitseko chogwedera chitsamizeni ndi tebulo kapena thumba la chimanga. Zimitsani moto wa m'khitchini ndi madzi, zimitsani kandulo ndi koloboyi, gwiritsani ntchito tochi. Zulani TV, filiji ndi mafoni kumagetsi, chifukwa mawaya akamagundana kunjaku magetsi amabwera modumphadumpha.

Khalani m'chipinda chaching'ono, kutali ndi magalasi komanso kutali ndi khoma lija losongoka la kumapeto kwa nyumba, lomwe amisiri amati gebulo. Denga likachoka, khoma limenelo limatsala lopanda chogwira ndipo ndi lomwe limagwa. Mukamva misomali ikulira ndi denga likupuma, kukwera ndi kutsika, lowetsani ana kunsi kwa bedi kapena tebulo lolimba, muwafunditse matiresi. Ziphaso, makadi a kuchipatala, mankhwala ndi kandalama zikhale m'jumbo imodzi yomanga, pamalo pomwe dzanja lingafike mumdima.

Abambo, apa ndikunena inu. Musakwere padenga kukalipsinja, ndipo musalendewere paphaso kuti mulikokere pansi. Denga lomwe lanyamula miyala silingalephere kunyamula inu. Lata likauluka musalithamangire, mudzalipeza mawa m'munda mwa aneba.

Ngati mukudziwa kuti nyumba yanu ndi yofooka, samukirani kwa achibale a nyumba yolimba mphepo isanafike pachimake, kukadali kowala. Aphunzitsi ndi akuluakulu a mpingo, madenga a makalasi ndi matchalitchi ndi aakulu ndipo amanyamuka msanga. Ana asathamangire pabwalo pomwe malata akugwera. Alowe kunsi kwa madesiki, kutali ndi mawindo.

Chachisanu: mbaula

Izi sizikhudza denga, koma usiku wa chiperoni choopsa china timachilowetsa tokha m'nyumba. Kwazizira, mwatseka paliponse monga ndanenera, ndiye mukuti mbaula igone m'chipinda. Makala akamayaka mosapita mpweya amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe utsi, sutsokomoletsa. Makala ofiira bwino aja, omwe timati "apsa, utsi watha", amautulutsabe. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka tulo tokoma tomwe sadzukanso. Banja lonse likhoza kupita usiku umodzi.

Mphepo ikakhala yosalusa, otherani moto pakhonde kapena m'khitchini mopita mphepo, mukatha mbaula izimitsidwe panja. Kuchipinda mulowe ndi zofunda. Zovala ziwiri zitatu zopyapyala zimafunditsa kuposa chimodzi chokhuthala. Mwana avale chipewa ndi masokosi, wakhanda akhale pachifuwa pa mayi ake. Botolo la madzi ofunda, lotseka bwino ndi lokulunga m'chitenje, limatenthetsa pogona mpaka pakati pa usiku.

Mukapeza anthu m'nyumba ya mbaula ali lefu, tsegulani zitseko, atulutseni panja msanga, muthamangire nawo kuchipatala ngakhale atatsitsimuka. Wokomoka musamumwetse kanthu. Wodwala khunyu ndi mwana wokwawa asasiyidwe okha pamoto. Mwana akamapuma mothamanga, m'nthiti mukulowa m'kati, chikhoza kukhala chibayo ndipo si chodikira kuti kuche bwino. A mphumu, mankhwala anu opopera akhale m'thumba.

Chachisanu ndi chimodzi: ikakupezani panjira

Pamsewu wa Limbe kudzera ku Bvumbwe ndi Thyolo, chifunga chimatha kutseka moti galimoto ya patsogolo umaiona utaifika kale. Oyendetsa, chepetsani liwiro ndipo yatsani nyali zapansi, chifukwa zowala kwambiri zimangobwerera m'maso. Msewu wa Midima uli ndi malo a pambalambanda pomwe mphepo imamenya cham'mbali. Akabaza, katundu wotambalala monga malata, matiresi kapena chitseko asakwere njinga tsiku lotero. Apasenjala, wa njinga yamoto akamathamanga muuzeni, "Achimwene, pang'onopang'ono, sitikuthawa nkhondo." Akakana tsikani.

Musabisale pansi pa mtengo, pafupi ndi mpanda wa njerwa, pansi pa chikwangwani kapena m'mashedi a pamsika, kaya ndi pa Chitakale, pa Limbuli kapena pa Luchenza. Lowani m'nyumba yolimba. Ngati muli kumunda ndipo zinthu zayamba kuuluka, gonani pamalo otsika, manja ataphimba mutu.

Kuphiri ndiye nkhani ina. Kumwamba kuja kumazizira koposa kuno, chifunga chimatseka njira m'mphindi zochepa ndipo miyala imaterera. Mu Julayi 2009 mlendo wina wa ku Brazil anakwera ku Sapitwa atasiya womuperekeza m'munsi, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri. Anafa ndi kuzizira. Operekeza alendo a pa Likhubula akati lero sikokwera, amvereni. Amayi okatola nkhuni, tsiku la chiperoni cholusa nkhuni zidikire.

Chomaliza: mphepo ikadutsa

Musatuluke pa bata loyamba, imakonda kubwereza. Mukatuluka valani nsapato, pansi pamakhala misomali ndi magalasi. Waya wa magetsi wogwa muziutenga kuti uli ndi moto ngakhale kudera konse magetsi atazima. Khalani patali mamita osachepera khumi, musakhudze mtengo, mpanda wa waya kapena chithaphwi chomwe wayayo wagwerapo, ikani munthu wamkulu woletsa ana, ndipo imbirani a ESCOM. Munthu akagwidwa ndi magetsi musamukoke ndi manja.

Wotemeka ndi lata, tsukani balalo ndi madzi aukhondo ndi sopo, lipsinjeni ndi nsalu yoyera kuti magazi aleke, apite kuchipatala akaonedwe ngati akufunika jakisoni wa kafumbata. Wogweredwa ndi khoma kapena mtengo, yemwe akudandaula khosi kapena msana, asanyamulidwe chopinda. Mugonekeni pachitseko.

Nyumba yomwe yasasuka musagonemo musanaone makoma. Mng'alu watsopano kapena khoma lopendekeka ndiye kuti likhoza kugwa usiku wotsatira, makamaka likanyowa ndi mvumbi. Jambulani zowonongeka pafoni musanayambe kukonza, mukanene kwa amfumu ndi ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Iwowo ndi omwe amatumiza malipoti ku ofesi ya DC, kenaka ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi. Onetsetsani kuti dzina lanu lalowa msanga m'kaundula wa okhudzidwa.

Pokhomanso, malata opindika mukhoza kuwawongola pamalo osalala ndi thabwa, koma misomali gulani yatsopano ndipo musabwerezenso mabowo akale. Kalipentala asanakhome lata loyamba, mumuonetse waya ndipo muime pomwepo mpaka phaso lomaliza litamangidwa ku khoma. Kwa amalume kuja ntchitoyi inatenga theka la tsiku. Miyala isanu ndi itatu ija anazunguliza nayo nazale ya tomato, tayala n'kulidula kukhala chomwera nkhuku.